Towera Anatseka Khomo ndi Msana

Mlamu wanga Towera sindinamumvetsepo chikwatiwire kwathu ku Chisenga. Anachokera ku Misuku, mwana wa alimi a khofi, ndipo sayankhulayankhula. Munthu wofatsa chonchi ine ndimamuyang'anitsitsa.

Atabwera kuchokera kumaphunziro a zaulimi, anauza mwamuna wake, mchimwene wanga Martin, kuti amumangire kanyumba ka neti kuseri. M'katimo muli mabokosi akuluakulu. Akuti mbatatesi imamera pamwamba, mizu ili lende mumdima, kapampu nkumaiwaza madzi osakaniza ndi chakudya cha mbewu. Dothi ayi, olo pang'ono! Timbatatesi take, tating'ono ngati mazira a nkhunda, amangothyola ngati tomato. Akuti ndi mbewu yopanda matenda.

Aaa, ine ndinabadwa dzulo? Chaka chomwecho mbatatesi ya adada, bambo athu, inafota munda wonse, ukakumba nkupeza zowola zokhazokha. Kwa Towera zikungobereka m'malere. Anthu anayamba kunong'ona kuti akukawa, kukoka zokolola za ena ndi mankhwala. Nanga ankatsekeranji chitseko? Aliyense ankamukaniza kulowa, ati dothi la kumapazi limanyamula matenda, ndipo akalowamo kamodzi mbewu yonse yatha.

Tsiku lina Martin ali ku boma, adada anachokera kumunda wofota uja, matope ali mbuu m'majombo.

"Lero ndikadzionere ndekha," anandiuza. Ine ndinawatsata, mtima uli dyokodyoko.

Paja kwathu mkamwana, mkazi wa mwana wako, sayankhula ndi apongozi ake aamuna. Sawayang'ana kumaso, sawayandikira; akakumana panjira amapatukira kutchire. Towera sanaphwanyepo mwambowu. Ndiye ndinati tione, awaletsa bwanji?

Anatiwona tikubwera ali pa mtondo. Anataya munsi, kuthamanga, nkukagwada pakhomo penipeni pa kanyumbako, nkhope kuchitseko, msana kwa ife.

Adada anaima patali. Mwambo umamanga onse awiri: sakanamudumpha, sakanamukhudza.

"Muuze achoke," anatero kwa ine.

"Mlamu, mwamva. Adada akufuna kulowa."

"Auzeni andikhululukire," anayankha motsitsa. "Avule majombo, asambe m'manja, avale nsapato zili apazi. Ndiwatsegulira."

Kuvula nsapato pakhomo pa mwana wawo, molamulidwa ndi mkamwana! Ine ndinachita manyazi m'malo mwawo. Adada anayang'ana msana uja nthawi yaitali, kenako anatembenuka nkumapita osalowa.

Mbewu inapulumuka. Anthu a ku Nthalire amabwera kudzagula, ndipo akuti ikubereka. Ine ndikadali ndi mafunso anga, sindinama.

Koma chisoni chimandigwira ndithu. Mvula itayandikira, Towera anasankha mbewu yabwino koposa, nkudzaza dengu, nkundipempha ndikapereke kwa adada. Ndinawapeza pakhonde. Sanalivundukule nkomwe.

"Bwerera nalo," anatero. "Ukamuuze kuti manja anga ali ndi dothi."