Mkaka Unandikana

Zaka zimenezo maliro ankachitika sabata iliyonse, ndipo mnyamata akaonda anthu ankangotsinana n'kunong'ona kuti kaliwondewonde. Ine ndinabadwa woonda ngati bango. Sukulu ndinasiyira giredi seveni, n'kuyamba kukama ng'ombe pa famu ina kufupi ndi Kasisi.

Ndinafunsira mtsikana wa ku Bundabunda ndipo anandilola. Koma amayi ake anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kukhosi, n'kuuza mwana wawo ine ndikumva: "Uyu ayambe wanenepa. Sinifuna kuika mkamwini."

Ndinatuluka osatsanzika.

Pa famupo wokama aliyense ankapatsidwa kachigubu ka mkaka patsiku. Mnzanga wina, wa banja loweta ng'ombe kuyambira makolo, ankagugudiza kake ali chiimire. Khosi lake linali la mapindi. "Imwa, iwe," anatero, akusisita mimba. "Ona ine. Uganiza ni mapemphero aya?"

Ndinamwa. Wofunda, wochokera kubere kumene, wathovu lonunkha ng'ombe. Pasanathe ola m'mimba munayamba kulira ngati thirakitala yokana kuyaka. Mwezi wathunthu ndinkathamangira chimbudzi cha pa famu, chija cha ntchentche zobiriwira ndi thabwa loterera. Ndikatuluka, n'kumwanso, nditatseka mphuno. Lamba ndinaboola bowo latsopano, koma cham'kati. Manong'onong'o anakula.

"Abwana, mwapitanso ku ofesi?" anafuula mnzanga uja tsiku lina. Ndinamugenda ndi chidebe, chinaphonya n'kugunda ng'ombe.

Atate atamva anangoseka. "Chitsiru iwe. Ife mkaka sutikhala m'mimba. Agogo ako kwathu kummawa akangolawa, tsiku lonse kuthengo. Zili m'magazi."

"Nanga simunaniuze bwanji?"

"Unafunsa?"

Ndiye ndinaganiza zopita ndi umboni kwa amayi a mtsikana uja. Lamulungu lina ndinatenga atate ndi ang'ono awo awiri, nkhalamba zolima mpaka lero, zosadziwa khomo la chipatala. Tinakhala pa benchi anthu anayi, miyendo ngati mipini ya makasu. Amayi aja anabweretsa tiyi wamkaka. Tonse tinakana nthawi imodzi.

Atate anafotokoza mofatsa kuti kuonda n'kwa mtundu wathu, osati matenda. Amayiwo anawayang'ana mmodzimmodzi, nthawi yaitali.

"Namvela, atate, si matenda," anatero. "Koma adzukulu anga nawonso azaoneka chonchi? Niziyankha anthu ku chigayo tsiku lililonse? Ayi, pepani."

Mtsikanayo anali kuseri kwa chitseko. Sanatuluke.

Pobwerera, atate aang'ono anadandaula kuti bola tikanamwa tiyi uja.

Mawa lake ndinakama ng'ombe zanga zonse nditayang'ana kumbali. Kachigubu kanga ndinakathira m'mbale ya galu wa pa famu. Patatha mwezi, galuyo anali atanenepa.