Banga la Mafuta a Usipa

Lero ndagula mandasi pa depoti, ndipo pepala limene anandikulungiramo linanyowa mafuta. Ndinaima nalo m'manja osadya.

Ndili sitandade 3 ku Monkey Bay, amayi anagonekedwa m'chipatala sabata ya Khirisimasi. Ana sankatilola kukawaona, choncho ndinaganiza zowapangira khadi. Pepala loyera ndinali nalo limodzi lokha, lochita kupempha kwa aphunzitsi. Ndinajambula khola, ng'ombe ndi kamwana. Kenako ndinaligwira ndi chala chimene ndinadyera usipa wokazinga, ndipo pamwamba pa khola panatsala banga lonyansa.

Ndinalira mpaka atelala a pakhonde loyandikana nafe, bambo wachisilamu wosayankhulayankhula, anaimitsa makina awo.

"Tabwera nalo kuno, mwanangu."

Anayang'anitsitsa bangalo. "Kodi m'nkhani yanu ija simuli nyenyezi?"

Anakweza pepalalo kudzuwa. Lonse linachita mdima, koma banga lija linayaka, mbee, ngati wina waboola thambo. Ndinaiwala kupukuta misozi.

"Ukawauze abambo ako akapereke masana," anatero atelala, pepala lili m'mwamba. "Amayi ako akaonere pawindo."