Mawilo a Bambo Masipoko

Aneba athu, mkulu amene ankakonza njinga, timawatcha Bambo Masipoko. Sachedwa kupsa mtima. M'mawa uliwonse ankapukuta mawilo amene anachotsa panjinga yawo yakale, omwe inabwera nawo kuchokera kufakitale, uku akulalata kuti zitsulo zamakono n'zitini chabe.

Tsiku lina mwana wawo wamkazi anabwera ndi mwini lesitilanti wofuna kugula mawilowo.

"Bambo, mawondo anu anatha. Ingogulitsani," anatero mwanayo.

Mkuluyo anatsala pang'ono kuvomera. "Mukawaika panjinga yanji, achimwene?"

"Ayi, ndikawapachika kudenga, ndikolowekemo mababu."

"Mababu! Zaka makumi anayi ndikuwongola masipoko amenewa pomvera kulira kwake, inu mukasandutse nyale? Tulukani!"

Masana omwewo mkuluyo anawabwezeretsa mawilowo panjinga. Kukwera sangathenso. Masiku ano amangoikankha mumsewu, akutsimphina, akutukwana, koma mawilo akuzungulira.