Poto Wanga Pamaliro a ku Linda

Ana anga amadziwa kuti chaka china, woyamba kubadwa ali kumsana, m'nyumba mwathu ku Linda, komboni ya mu Livingstone, munalowa akuba. Nkhaniyi ndaifotokoza kambirimbiri, mpaka zenera limene analowera ndimatha kuliona m'maso. Koma lero ndinene zoona: sikunabwere wakuba aliyense. Katundu ankatulukira pakhomo dzuwa likuswa mtengo, atanyamulidwa ndi bambo awo.

Munali m'zaka za m'ma 1990, pamene makampani mu Livingstone ankangotseka. Ine satifiketi yanga ya usekilitale inali m'sutikesi, ntchito osapezeka. Amuna anga anali kalaliki pa ofesi ina mu msewu wa Mosi-oa-Tunya. Sankamwa mowa, sankamenya. Vuto lawo linali njuga ya makhadi imene amuna ankachita kuseri kwa bala ina Loweruka lililonse. Poyamba anawina, n'kubwera ndi nkhuku ndi kadiresi ka mwana, ine n'kuseka nawo. Kenako wailesi inapita "kokakonzetsa". Ayironi inatsatira. Chimene chinkandiopsa kwambiri chinali maso awo. Akakhala pampando ankayang'ana zinthu za m'nyumba chimodzichimodzi, monga amachitira munthu wogula pamsika. Tsiku lina ndinawapeza akuyang'ana bulangete la mwana motero.

Sindinauze munthu. Ukwati usanachitike ndinadutsa kwa alangizi, mayi wina wamkulu wa kutchalitchi kwathu amene ankakhala ku dera la Highlands. Iwo anandigogomezera kuti za m'nyumba sizituluka, mkazi amaphimba manyazi a mwamuna wake. Ndinamvera ndithu. Alangizi omwewa ndi amene anandipatsa poto wamkulu wabuluu pa khitchini pate yanga. Pamwambo umenewu mphatso siiperekedwa mobisa. Woperekayo amaitanidwa, amavina, amatsegula yekha, n'kufotokoza ntchito yake amayi onse akuona. Iwo anavina ndi potoyo pamutu, kenako n'kumutembenuza kuti aonetse pansi pake. Anali atajambulapo kamtanda ndi madontho awiri ndi kyuteksi yofiira ya m'zala.

"Poto uyu azayenda m'malilo yambili," anatero. "Chizindikilo ni ichi, asakasowe."

Loweruka lina m'mawa ndinaona amuna anga akulowetsa poto uja m'thumba la ufa.

"Batate bake mwana, uyo yayi. Uyo bamudziwa bantu bonse."

"Bamake mwana, osankhala na nkhawa. Lelo ni siku yanga. Nizabwela naye pamodzi na wailesi."

Anabwera chimanjamanja, osandiyang'ana kumaso.

Patapita masiku, alangizi anabwera kudzaona mwana. Analowa kukhitchini monga mwa chizolowezi chawo, maso ali pashelefu.

"Nanga poto wanga ali kuti, mwana wanga?"

Bodza linatuluka lokha. Ndinati akuba anathyola zenera ine ndili kusikelo ndi mwana, anatenga wailesi, ayironi ndi potoyo. Anagwira pakamwa, nandipepesa. Pofika Lamlungu nkhani inali itafika kutchalitchi konse. Aneba anagula maloko atsopano. Ena anayamba kutchula ana a anzawo amene ankawakayikira. Ine ndikamva, ndinkangoweramira pansi.

Ndiye kunagwa maliro pafupi ndi kwathu, a bambo wina wa mumpingo. Ku Linda maliro akagwa mayi aliyense amabweretsa poto wake wamkulu, n'chifukwa chake timaika zizindikiro. Tinali kuseri kwa nyumba masana, tikutsuka ziwiya, mwana ali kumsana kwanga. Amuna anali kutsogolo pansi pa tenti, amuna anganso ali pomwepo. Ndinadzutsa mutu, n'kuona poto wabuluu atavundikiridwa padzuwa, kamtanda kofiira kali pamwamba poonekera.

Ndinafuna kumutembenuza msanga, koma ndinachedwa. Alangizi anali atamuona kale.

"Uyu poto wabwela na ndani?"

Anayankha mayi wina wa ku Mongu amene anali atangosamukira kumene m'dera lathu, wogulitsa vitumbuwa pamsewu. Nayenso anali ndi khanda kumsana. Chinyanja chinkamuvuta.

"Ni wanga, ba mayo. Ninagula."

"Unagula kuti? Ku sitolo iti bagulitsa na kyuteksi yanga?"

Amayi ena anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino. Mayiyo anati anagula kwa mwamuna wina pafupi ndi bala, dzina sakulidziwa. Wina anakuwa kuti, "Na wailesi ili kwake!" Wina anati, "Kawalala!" Mawu amenewo ku Linda sankathera pakamwa. Ndinali nditaonapo wakuba atagwidwa pamsika, ndipo sindifuna kulemba mmene anamusiyira. Amayi anamuzungulira. Wina anamuvula duku. Khanda lake linayamba kulira, langanso linayamba. Anyamata amene ankawaza nkhuni anasiya ntchito n'kumabwera, wina chikuni chili m'manja.

Alangizi ananyamula potoyo n'kundiyandikira.

"Mwana wanga, kamba. Si uyu bakubela?"

Ndikanangogwedeza mutu, basi. Palibe akanandifunsa zambiri. Ukwati wanga ukanakhala wophimbika monga anandiphunzitsira. Ndinayang'ana mayi uja. Anali atatembenuka, nkhope kwa anthu, msana kukhoma, kuti zikayamba zisagwere mwana. Mmenemo ndi mmene inenso ndikanaimira.

Mawu anga anatuluka aang'ono, moti ndinachita kubwereza.

"Musiyeni. Kulibe anaba. Bamuna banga ndiye banatenga. Banaluza ku njuga. Na wailesi, na ayiloni, vonse."

Kutenti kunamveka, chifukwa amuna anali ataimirira kuti aone phokosolo. Ndinaona amuna anga akuvala chipewa, n'kudutsa pakati pa anzawo, n'kutuluka pachipata. Ndinkaganiza kuti ndikafika kunyumba ndikapeza sutikesi yanga panja, kapena ndikapeza iwo atadzichita choipa. Sindinathe kudya. Mayi uja anatola duku lake, n'kuchoka. Poto anamusiya pansi.

Alangizi anandikokera pambali.

"Iwe mwana, sukulu yonse ija, wasowa pokambila? Pamalilo ya bene?"

"Munaniuza kuti nisakambe, ba mayo."

"Ninakuuza usakambe pa msewu. Kwa ine unayenela kubwela pa wailesi pomwe paja."

Mwina ananenadi zimenezo pondilangiza. Ine chimene ndinamva chinali kukhala chete basi.

Alangizi anakana kuti ndipite ndekha kunyumba. Anatuma uthenga kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, ndiponso kwa mkulu wa mpingo, ndipo tonse tinalowa m'nyumba pamodzi. Amuna anga tinawapeza atakhala pabedi, nsapato osavula. Ankayembekeza kukalipiridwa, koma alamu anangowafunsa kuti, "Ungaleke weka?" Amuna anga anati, "Nayesa. Nikangiwa." Aka kanali koyamba kuwamva akuvomera kuti akulephera kusiya.

Anagwirizana kuti pa tsiku la malipiro alamu azikawadikira pakhomo pa ofesi n'kubwera nawo kunyumba. Loweruka mkulu wa mpingo ankabwera m'mamawa kudzawatenga kupita kumunda kwake, n'kuwabweza atatopa. Njira yodutsa pabala paja anaisiya, ankazungulira. Sizinathe tsiku limodzi. Anabwererako kunjuga, koma ulendo umenewo ananena okha kwa akulu awo, ine ndisanaone chimene chasowa. Pang'ono ndi pang'ono maso aja anasiya kuyendayenda m'nyumba. Komabe kwa zaka zambiri ndikamva thumba likukhwekhwereza kukhitchini, ndinkathamangira kukaona.

Poto ndinakamupereka kwa mayi wa vitumbuwa, popeza anagula ndi ndalama zake. Anamulandira osandiyang'ana, ndipo sanandipatsenso moni mpaka tinasamuka ku Linda. Amuna anga njuga anaisiyadi, koma pansi pa tenti ya maliro sankakhalanso pakati pa anzawo. Ankakhala kumapeto, pafupi ndi chipata, mpaka imfa yawo. Za tsiku lija sanandidzudzulepo, komanso sananenepo kuti ndinachita bwino. Anangondipempha chinthu chimodzi, kuti ana akadzakula adziwe za akuba. Ndinasunga pempholo mpaka lero.

Nthawi zina ndimati ndikanakokera alangizi pambali n'kuwanong'oneza. Koma ndikakumbukira chikuni chija, sindiona kuti nthawi ya zimenezo inalipo. Inu amene mwawerenga, makamaka amayi anzanga amene munadutsa kwa alangizi ngati ine, mundiuze: pamene ndinavula mwamuna wanga pamaso pa Linda yense kuti mayi uja asamenyedwe, ndinachita bwino kodi?