Pini ya pathumba lakumbuyo

Ndine wamtima wapachala, sindibisa. Amene anandiphunzitsa kuimbira mpira, mphunzitsi wina wopuma ntchito wa ku Engutwini, anazindikira zimenezi tsiku loyamba lomwe. Anandiuza kuti khadi lofiira ndiziika m'thumba lakumbuyo, thumbalo ndizitseka ndi pini. "Pomamasula piniyo, mwana wanga, mudzadziwa ngati wakwiya ndi lamulo kapena ndinu."

Ndinali nditangotumizidwa kukaphunzitsa ku Champhira kuchokera kwathu ku Dedza. Mayi woimbira mpira wa anyamata chinali chachilendo kumeneko, moti ena ankabwera kubwalo kudzaonera ine, osati mpira.

Tsiku lina ndinkaimbira mpira wa masukulu awiri. Wopambana amapita kundime yomaliza ku Mzimba boma, komwe kunkabwera osankha anyamata a timu ya boma lonse. Wosewera kutsogolo wa timu ina anali mnyamata wa Fomu 3, mwana wa eni nyumba imene ndinkachita lendi. Mpira ankaudziwa, tisanamizane, ndipo aliyense ankati asankhidwa basi. Koma wolandira khadi lofiira sasewera masewero otsatira.

Timu yake ikutsogola ndi chigoli chimodzi, mpira uli pafupi kutha, mnyamatayo anadzigwetsa pafupi ndi golo. Palibe anamukhudza. Ndinakana penate. Anadzuka fumbi lili thoo, n'kundithamangira.

"Mbwenu imwe mpira mumaudziwa? Pitani mukagwade kukhitchini!"

Kenako anandimenya dzanja, wezulo n'kugwera m'fumbi.

Ndinapsa mtima mpaka makutu kulira. Dzanja linapita lokha kumbuyo, koma linakumana ndi pini. Ndinalimbana nayo, piniyo osamasuka. Ndili pakalikiliki ameneyu ndinaona bambo ake akulowa m'bwalo, ndodo ili m'manja. Kunena zoona ndinachita mantha. Ndinaganiza kuti lero ndimenyedwa pagulu, madzulo katundu wanga ndimupeza panja.

Anafika, n'kuvula chipewa. Sanayang'ane ine.

"Tola," anauza mwana wawo. "Pukuta. Upereke ndi manja awiri."

Mnyamata anatola wezulo, anaipukuta ndi jezi, n'kugwada pamaso pa anzake onse. Misozi inali lengelenge. "Ndapota, madamu. Pepani chomene."

Anthu anayamba kuwomba m'manja, poti kumeneko mwana akagwada pamaso pa bambo ake, mlandu watha. Koma pini inali itamasuka. Wosewera wamenya woimbira, ndipo anyamata ena onse aja ankandiyang'ana kuti aone ngati kugwada kumafufuta zimenezo. Ndinalandira wezulo ndi manja awiri. Kenako ndinakweza khadi lofiira.

Phokoso lake sindidzaiwala. Ena anatukwana, wina anaponya chitsononkho. Bambo aja anavala chipewa chawo, n'kuti, "Yewo, aphunzitsi." Anagwira mwana wawo pamkono n'kutuluka naye.

Ku boma timu inapita popanda iye, ndipo anasankhidwa ena. Chaka chotsatira anasiya sukulu n'kukwera basi ya ku Joni ngati anyamata ambiri a kumeneko.

M'nyumba muja sanandithamangitse. Mayi ake amandipatsabe moni bwinobwino m'mawa uliwonse, ndipo woyang'ana pansi ndimakhala ine. Pini ndinamasula monga anandiphunzitsira, koma mpaka lero sindidziwa amene anakwiya tsiku lija.