Zala M'makutu

Ngwee! Ngwee! Ngwee! Ndikukumbukira kulira kwa chitsulo cha gudumu la lole chomwe chinkalendewera pamtengo wa bulugamu pasukulu yathu ku Mlangeni. Limenelo ndilo linali belu lathu. Anzanga akalimva ankathamanga akuseka, koma ine ndinkalimva m'mano. Phokosolo linkalowa m'khutu ngati msomali, kutsikira kukhosi, miyendo n'kuuma. Ndinkangoika zala m'makutu n'kudikira kuti mutu ubwerere m'malo mwake.

Komabe belu linali laling'ono. Chachikulu chinali m'kalasi. Mu Sitandade 2 tinkadzaza chipinda mpaka pakhomo, titakhala pasimenti yozizira, fungo la utsi wa m'zovala zathu lili thoo. Aphunzitsi athu, a Chikafa, anali ndi mawu awiri amene ankawakonda kuposa choko: “Tonse pamodzi!” Akangotero, pakamwa paliponse pankatseguka. “Ba, be, bi, bo, bu!” Mawuwo ankagunda malata n'kubwerera pamutu panga. Sindinkamvanso chilembo ngakhale chimodzi. Ndikatseka makutu, phokoso linkapita kutali, ndipo m'pamene ndinkatha kuona zolembedwa pa bolodi.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Anandilera ndi agogo aNangozo, mayi a bambo anga, omwe ankagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu waukulu. Anali aafupi, okonda fodya wa m'mphuno, ndipo makondakitala a basi ankawaopa pakamwa. Agogo aamuna anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni atagontha, choncho nyumba yathu inazolowera kukhala chete kalekale ine ndisanafikemo. Kumudzi ndinkatchuka ndi ulemu. “Mwana wa malemu uja ndi woleredwa,” ankatero azimayi, chifukwa sindinkayang'ana munthu wamkulu kumaso. Zoona zake n'zakuti nkhope za anthu zinkandilemera. Ndinkayang'ana manja ndi mapazi, moti m'mudzi monse ndinkadziwa aliyense ndi zidendene zake.

Tsiku lina a Chikafa anatembenuka kuchoka pa bolodi n'kundipeza zala zili m'makutu.

“Iwe Lameki! Ine ndikulankhula, iwe watseka makutu? Mwano umenewu unauphunzira kuti?”

Mawu amenewo anandikakamira ngati chisoso. Mwana waulemu wa kumudzi ndinasanduka wamwano wa kusukulu. Ndinakwapulidwa, ndinasesa bwalo, ndinakumba dzenje la zinyalala. Kukumbako ndinkakukonda, chifukwa kudzenje kunali zii. Koma ndikabwerera m'kalasi, “Tonse pamodzi!” akamveka, zala zinkakwera zokha. Potsiriza a Chikafa anatopa nane. Anandiuza kuti ndinyamule thumba langa ndipo ndisabwerenso popanda kholo. “Kholo akalitenga kuti?” wina ananong'ona kumbuyo, ena n'kuseka.

M'mawa mwake agogo anabwera nane atasenza chidebe cha kachewere, poti ankaganiza kuti nkhaniyo itha msanga apitirire kumsewu. Anachitula pakhomo la kalasi.

“Mayi,” anatero a Chikafa, “mwana wanuyu ndi wamwano, ndiponso mutu wake sugwira. Tikungotayitsana nthawi. Kuli bwino azikakuthandizani kumunda.”

“Wakutukwanani?”

“Ayi.”

“Wamenya mnzake?”

“Ayi. Amatseka makutu ine ndikamaphunzitsa.”

“Makutuwo ndi anu kapena ake?”

Agogo anafwenthera fodya, n'kupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

“Njerwa za sukulu ino tinasenza ndife, aphunzitsi. Bambo ake a mwanayu anakhala pasimenti yomweyi. Kumunda ndili ndi khasu langa, silikusowa mwini. Sachoka. Ndikhala pompano ndimve chimene akutsekera makutucho.”

Analowa, kudutsa pakati pa miyendo ya ana, n'kukayala chitenje kumbuyo kwenikweni. Munthu wamkulu wotero ndani akanamugwira mkono kumutulutsa? A Chikafa anatsokomola, anatola choko, n'kupitiriza phunziro. Posakhalitsa chizolowezi chinawapeza. “Tonse pamodzi!” Kalasi inakuwa kuposa masiku onse, poti kunali mlendo. Nditacheuka ndinaona agogo atakhala tsonga, zala zawo zakuda ndi dothi zili m'makutu, maso ali gwa pa aphunzitsi.

Phokoso litatha anachotsa zalazo pang'onopang'ono. “Amuna anga anagontha mumgodi wa ku Joni,” anatero, “koma kumeneko ankagontha pa ntchito. Ana awa akugonthera chiyani?”

Anabweranso mawa lake, ndi mkuja wake. Kachewere anayamba kubiriwira m'chidebe, mabasi akudutsa osamva mawu awo. Azimayi kumjigo ankawafunsa ngati alembetsa Sitandade 2. “Eya,” ankayankha, “ndipo ndikhoza, inu mukadali pompo.” Ine ndinkachita manyazi, koma ndinkamvanso kachimwemwe kena komwe sindinkadziwa dzina lake.

Ndisaname kuti kenako ndinadabwitsa anthu ndi nzeru zobisika. Ndinali mwana wapakatikati, masamu ankandivuta, ndipo ndinabwerezapo kalasi. Agogo sankamenyera nkhondo katswiri. Ankamenyera mwana wamba malo ake pasimenti, ndipo mpaka lero ndimakana kuti mwana azigula malo m'kalasi ndi luso lodabwitsa.

Panopa ndine mphunzitsi, ndipo ndikuchita digiri yachiwiri ya kaphunzitsidwe ka ana omwe ubongo wawo umagwira ntchito mosiyana ndi anzawo, ali m'kalasi imodzi ndi ena onse. Kumeneko ndi kumene ndinamva bwino mawu akuti otizimu, dzina la mmene ine ndilili, ndili ndi ndevu kale, ndipo ndinali ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake pa depoti. Koma mabuku athu ambiri analembedwa kutali. Amati chizindikiro china chachikulu n'chakuti mwana sayang'ana anthu m'maso. Ndinakweza mkono, ine amene sindikwezakweza mkono. Ndinati kwathu ku Ntcheu mwana woyang'ana wamkulu m'maso amalandira khofi. Tikatsata bukuli, mudzi wathu wonse uli ndi otizimu, ndipo ine, amene ndinali nawo, ndinali chitsanzo cha ulemu. Anzanga anaseka. Amayi amene ankatiphunzitsawo sanaseke. Anati ngati ndikutsutsa buku, ndipite ndikafufuze ndekha.

Ndiye ndimayenda m'masukulu a ku Manjawira ndi a kufupi ndi boma, pa kabaza, fumbi lili m'nsidze. Poyamba ndinkafunsa aphunzitsi ngati ali ndi ana a otizimu. Ankapukusa mutu. “Kuno kulibe zimenezo, ndi za m'tauni.” Tsopano ndimafunsa funso lina: “Kodi muli ndi ana amwano?” Pamenepo nkhope zimawala, maina amatuluka. Uyu amathawira kuchimbudzi belu likalira. Uyu amangogwedera ndipo sayankha akaitanidwa. Uyu tinamubweza, ali kumbuzi. Si onse amene ali ngati ine, ena ndi amwanodi. Koma ana amene ndikuwafuna amabisika m'mawu amenewo.

Zambiri zasintha. Chikwapu chachepa, ndipo aphunzitsi achinyamata ena amamva msanga ndikawafotokozera. Koma zitsulo za magudumu zikulendewerabe m'mitengo, makalasi adzaza kuposa kale, ndipo alipo anzanga ophunzira bwino amene amati ana otere tiwapezere sukulu yawoyawo kutali, kuti asavutike. Ndimawafunsa kuti asavutike ndani, anawo kapena ife? Agogo anamwalira osadziwa mawu akuti otizimu, ndipo sindikhulupirira kuti akanawasintha chilichonse.

Kukhala kwa agogo m'kalasi ya a Chikafa kuja kunatha Lachisanu lina. Titaweruka, iwo atatsogola ndi chidebe chawo, ine ndinatsala ndikudikira kuti phokoso la anzanga lichoke pabwalo. A Chikafa anafufuta bolodi mpaka m'makona, ngati kuti mulibe munthu. Kenako anabwera n'kuima pafupi nane. Sanapepese, ndipo sanandiuze kuti ndiwayang'ane.

“Chitseko icho pafupi ndi bolodi ndi cha kachipinda ka mabuku,” anatero motsitsa mawu. “Khoma lake ndi lopyapyala, uzimva zonse. Zikakukulira uzilowa, zikatha uzituluka, ukhale pamalo pako. Lolemba ndikupeze muno. Ndipo ukawauze agogo ako apite azikagulitsa kachewere wawo.”

Anapisa m'thumba n'kundiika m'dzanja kiyi wamng'ono womangidwa pa kansanza kofiira, akadali wofunda. Anatola choko chawo n'kutuluka.