Tinamuika Amidu ku Lichinga

Ndinadzuka kusanache chifukwa cha kuzizira. Mphepo ya ku Lichinga imalowa m'mafupa, ndipo ine wochokera ku Mangochi ndinalibe chofunda chokwanira. Amuna amene anachezera pasiwa anali atagona mothinana pafupi ndi moto wotsala makala okha. Kuseri kwa nyumba amayi anali atatereka kale nyemba.

M'nyumbamo munali mtembo wa Amidu, mwana wa mlongo wanga. Anabwera kuno kudzanyamula anthu pa njinga yamoto, nakwatira mkazi wa ku Assumane, dera la konkuno. Amalawi anzake anamusankha kuti azisunga thumba lawo la maliro, lotumizira mitembo kumudzi. Ndalamazo anazithera pobetcha mpira pafoni. Anapinyolitsa njinga ya abwana ake kuti abweze, nayonso inapita. Tsiku limene gulu lawolo linamuitana kuti afotokoze za ndalamazo, anadzipha. Thumba linali lopanda kanthu, choncho sitinathe kupita naye kwathu.

Kunacha ndi nkhungu. Anyamata a njinga anafika ambiri, osaliza hutala. Mwini njinga uja anabweranso, anandipatsa moni wachisoni, nakhala payekha. Anthu omwe ndalama zawo zinadyedwa ndi amene anasonkha yogulira sanda, nsalu yokulungira mtembo. Shehe anazengereza kupempherera munthu wodzipha, mpaka akuluakulu atamutengera pambali.

Tinanyamula jeneza dzuwa litakwera, tikulandirana mapewa. Amayi anatsala akulira pakhomo. Panjira tinadutsa kanyumba kobetchera mpira, kali kotsegula. Anyamata amene anali m'menemo anatuluka, navula zipewa. Ena anabwereramo ife tisanathe n'kudutsa komwe.

Titakwirira, mkulu wa gulu anayankhula mwachidule. "Thumba lizisungidwa ndi anthu atatu tsopano. Ndipo amene kubetcha kwamugwira abwere atiuze akadali moyo. Sitimunyoza." Mnyamata wina ananjuta kumbuyo kwa anzake, nabisa nkhope m'jekete.

Madzulo anthu anabalalika. Mkazi wa Amidu anakhala pamkeka, mwana ali pamiyendo, osakhudza chakudya. Mlongo wanga, amene sakanatha ulendo chifukwa cha matenda, anaimba foni.

"Achimwene, mwana wanga anadwala chiyani?"

Ndinati ndikafotokoza ndikafika.

"Koma mwamuika bwino?"

"Tamuika bwino."

Foni itaduka, mkazi uja anandiyang'ana. "Malume, mukawauze zoona," anatero. "Ine ndinabisa za kubetcha kwake chaka chonse."

Anadzuka ndi mwanayo, nalowa kuchipinda.